PHUNZIRO LA MWEZI UNO: MBIRI YA LILONGWE PA ULENDO WA TSIKU LIMODZI

Anthu ambiri a m'midzi ya m'boma la Lilongwe, ndi ena a ku Dowa, Dedza, Mchinji ndi Salima, amafika mu mzinda wa Lilongwe kawirikawiri. Wina apita kukagula feteleza, wina kukazonda wodwala kuchipatala, wina kukalandira ndalama za fodya. Akatha zimene anadzera amathamangira basi kuti dzuwa lingawalowere. Pofika kwawo, ana akawafunsa za mzindawo, amangosimba za kuchuluka kwa magalimoto ndi kukwera mtengo kwa zinthu. Za chiyambi cha mzinda umene amaupondamo chaka ndi chaka sanenapo kanthu.

Phunziro ili lakonzedwa kuti lithandize aphunzitsi, ana a sukulu ndi onse odziwa kuwerenga. Mbiri ya Lilongwe siili m'mabuku mokha ayi. Iliponso pa mtsinje, m'misewu ndi pa nyumba, ndipo munthu woyenda modekha angathe kuitola pa tsiku limodzi. Akaitola adzapeza kuti mzindawu unakula ndi thukuta la alimi, pa malo amene kale anali minda ndi midzi. Popeza mzinda ukukulabe, nkhani imeneyi ikhudza mudzi uliwonse umene uli m'mbali mwake.

ZOYENERA KUKONZEKERA

Mphunzitsi wofuna kutenga ana ayambe wapempha chilolezo kwa makolo ndi kwa mkulu wa sukulu. Ngati afuna kuti ana akalowe m'Nyumba ya Malamulo, alembe kalata nthawi ikadalipo, pakuti kumeneko sangolowa ngati pa msika. Ana asachuluke koposa amene akulu awiri kapena atatu angathe kuwayang'anira, chifukwa misewu ya m'tauni ndi yoopsa kwa mwana wozolowera njira za kumunda. Aliyense atenge kope, pensulo, madzi akumwa ndi kamba wa pa njira. Nyengo yabwino ndi ya chisanu, m'miyezi ya Meyi, Juni ndi Julaye, pamene kulibe mvula ndipo dzuwa silipweteka.

Ulendo uyambe m'mawa ku Old Town, ndiko ku tauni yakale, ndipo utsirizike masana ku City Centre. Dongosolo limeneli lili ndi chifukwa chake: potero ana ayamba ndi zakale natsiriza ndi zatsopano, monga momwe mzinda weniweniwo unakulira.

Mzindawu unagawidwa m'madera amene amatchedwa ndi manambala: Area 1, Area 2, Area 3, mpaka kupitirira 50. Manambalawa satsatana pa nthaka monga mizere ya m'munda, kotero mlendo asaganize kuti akadutsa Area 18 ndiye kuti wayandikira Area 17. Koma aone chinthu chimodzi: manambala oyambirira, 1, 2, 3 ndi 4, onse ali ku Old Town m'mbali mwa mtsinje. Apo ndi pamene panabadwira mzinda.

PA MLATHO WA MTSINJE

Mabasi ambiri ochokera m'maboma amatsitsa anthu ku depoti ya ku Old Town. Kuchokera pamenepo ndi pafupi kufika pa mlatho waukulu wa mtsinje wa Lilongwe. Malo oyamba kuimapo ndi amenewo, pakuti mzinda unatenga dzina la mtsinjewu. Mtsinje wa Lilongwe umachokera m'mapiri a Dzalanyama, cha kumalire ndi Mozambique, nudutsa pakati pa mzinda, nukathira mu Linthipe, amene atsikira ku nyanja m'boma la Salima.

Kusanabwere Azungu, chigwa chonsechi chinali cha midzi ya Achewa. Nthaka yake ndi yachonde, ndipo anthu ankalima chimanga, mapira, nyemba ndi maungu. Koma zaka za m'ma 1800 zinali zaka za mantha. Nkhondo za Angoni ndi malonda a akapolo zinasokoneza midzi, kotero kuti anthu ena anathawira m'mapiri, ena nazinga midzi yawo ndi malinga a dothi. Mafumu amene maina awo amamveka kuzungulira mzinda lero, monga Njewa, Tsabango, Chimutu, Chitukula ndi Malili, akumbutsa kuti dziko ili linali ndi eni ake tauni isanayambe.

Ana ayang'anenso madzi a mu mtsinjewo. Madzi amene anthu a mu mzinda amamwa amasungidwa kumtunda, ku Malingunde, m'madamu awiri otchedwa Kamuzu Dam. Loyamba linamangidwa mu 1966, lachiwiri mu 1989. Mitengo ya ku Dzalanyama ikatha ndi makala, mtsinje umachepa ndipo madamu amadzaza matope. Chotero munthu wa ku tauni ndi munthu wa kumudzi amamwa chitsime chimodzi, ngakhale sadziwana.

CHIYAMBI CHA BOMA

Akawoloka mlatho kupita tsidya la kumadzulo, msewu umakwera kamtunda kufika kumene kuli maofesi a bwanamkubwa wa boma la Lilongwe, holo yakale ya tauni, ndi polisi ya ku Area 3. Apa mphunzitsi afotokoze za chiyambi cha boma.

Angerezi analengeza kuti dziko lino lili m'manja mwawo mu 1891, ndipo likulu lawo analiika ku Zomba. Dzina loti Nyasaland linadza mu 1907. Boma la Lilongwe linakhazikitsidwa mu 1902 m'dera la mfumu Njewa, ndipo mu 1904 linakhala likulu la chigawo chimene Angerezi ankachitcha Central Angoniland. Panthawiyo panalibe tauni. Panali ofesi, nyumba ya bwana, nyumba za asilikali ndi amesenjala, ndi malo oweruzira milandu. Anthu ankabwera kudzakhoma msonkho wa nyumba ndi kudzamva milandu, nabwerera kwawo. Katundu yense ankabwera pa mitu ya amtengatenga.

Amishoni nawonso anafika m'zaka zomwezo. Ansembe a Chikatolika otchedwa White Fathers anamanga ku Likuni mu 1903. A Dutch Reformed, amene mpingo wawo lero ndi Sinodi ya Nkhoma, anali atayamba kale ku Mvera mu 1889 ndi ku Nkhoma mu 1896. Sukulu zawo ndizo zinaphunzitsa makalaliki ndi aphunzitsi oyamba a m'chigawo chino.

Chimene chinathandiza Lilongwe koposa maboma ena ndi misewu. Pano panakumana msewu wochokera kumwera kudzera ku Dedza, wopita kumpoto kudzera ku Kasungu, wotsikira ku nyanja, ndi wopita kumadzulo ku Fort Manning ndi Fort Jameson. Maina awiri otsirizawa anasintha: Fort Manning ndi Mchinji, ndipo Fort Jameson ndi Chipata wa ku Zambia. Pamene pakumana njira pamakumananso malonda. Amwenye anafika namanga masitolo, nayamba kugulitsa nsalu, mchere, makasu ndi sopo.

FODYA NDIYE ANAKULITSA TAUNI

Boma ndi masitolo okha sakanakulitsa tauni anthu akanakhala opanda ndalama. Ndalamazo zinadza ndi fodya. Cha mu 1920 Mzungu wina dzina lake A. F. Barron anatsekula esiteti ku Mbabzi, kumadzulo kwa boma. Iye ndi mnzake R. W. Wallace anayamba kugawira alimi a m'midzi mbewu ya fodya wa chikopa, nawaphunzitsa kalimidwe ndi kafukizidwe kake, nagula fodyayo akauma. Pa zaka zowerengeka alimi zikwizikwi a ku Lilongwe ndi ku Dowa anali atalowa m'ulimi umenewu. Ndi ndalama za fodya anakhoma msonkho, anagula njinga, nsalu ndi ng'ombe, ndipo masitolo a pa boma anachuluka.

Boma la Atsamunda litaona izi linakhazikitsa bungwe la Native Tobacco Board mu 1926. Bungweli linkalemba alimi, linkaika misika, ndipo linkadula ndalama pa fodya wogulitsidwa. Alimi ambiri ankadandaula kuti mitengo inali yotsika ndi kuti malamulo a bungwelo ankapindulira eni maesiteti. Mabungwe ogula mbewu anasintha maina kangapo: mu 1962 kunali Farmers Marketing Board, ndipo mu 1971 kunabadwa ADMARC, imene mlimi aliyense aidziwa. Ana akamva dzina limeneli adziwe kuti muzu wake uli m'fodya wa agogo awo.

Njanji inafika ku Salima mu 1935, ndipo malole ankatsitsira fodya kumeneko kuti akwere sitima kupita ku Limbe, kumene okushoni inatsekulidwa mu 1938. Mu 1947 Lilongwe anavomerezedwa kukhala tauni. Chotero kuchokera pa boma la nyumba zowerengeka kufika pa tauni panapita zaka 45, ndipo chimene chinasenza ulendo wonsewo ndi khasu.

TSIDYA LINO NDI TSIDYA LIJA

Ali ku Area 3, ana ayang'ane kukula kwa mabwalo a nyumba, mitengo yakale ya m'mbali mwa misewu, tchalitchi cha St Peter's cha Anglican, ndi bwalo la gofu. Kuno ndiko kunkakhala Azungu a boma ndi a makampani. Kenaka awolokenso mlatho kubwerera tsidya la kum'mawa, ayende mu msewu wa Malangalanga, aone msika waukulu, mzikiti ndi masitolo ogundizana a ku Area 2. Kuno ndiko kunali malonda ndi nyumba za Amwenye. Pafupi pomwepo pali Area 1, kumene kuli Falls, ndipo patsogolo pake pali Mchesi, Biwi ndi Kawale. Uku ndiko kunkakhala Afirika ogwira ntchito, m'nyumba zing'onozing'ono zoyandikana.

Mphunzitsi afunse ana kuti: nchifukwa ninji mabwalo a tsidya lina ndi aakulu, a tsidya lina ndi aang'ono? Yankho ndi lakuti m'masiku a Atsamunda anthu ankakhala mosiyanitsidwa ndi khungu, ndipo mtsinje unali ngati malire. Ngakhale zipatala zinali ziwiri. Cha Azungu ankachitcha Top Hospital, ndiko kuti cha kumtunda, ndipo cha Afirika ankachitcha Bottom Hospital, cha kumunsi. Cha kumunsicho ndicho lero chimatchedwa chipatala cha Bwaila, koma akuluakulu ambiri akali kunena kuti "ndikupita ku Botomu". Dzina lokhalo likusunga mbiri imene mwana sangaione pa khoma. Malamulo osankhana khungu anatha, koma kukula kwa mabwalo kunatsala. Lero chimene chisiyanitsa tsidya ndi tsidya ndi thumba.

Palinso chinthu china chimene ana a m'midzi angachimvetse msanga. M'malo ambiri ochitira malonda kumidzi muli masitolo akale a khonde lalitali amene anthu amati anali a Amwenye. M'zaka za m'ma 1970 boma la Dr Hastings Kamuzu Banda linalamula kuti Amwenye achoke kumidzi akachitire malonda m'matauni akuluakulu okha: Blantyre, Zomba, Lilongwe ndi Mzuzu. Sitolo yosiyidwa ya kwawo kwa mwana ndi sitolo yodzaza ya ku Area 2 ndi mbali ziwiri za nkhani imodzi.

Pa msika ana apume, adye kamba wawo, ndipo afunse ogulitsa mwaulemu kumene ndiwo, mbatata, nyemba ndi tomato zachokera. Adzamva maina a midzi ndi misika yodziwika kwa iwo. Mzinda sulima. Umadya zimene midzi yatumiza m'bandakucha.

CHIFUKWA CHOSAMUTSIRA LIKULU

Asanakwere minibasi yopita ku City Centre, ana amve chifukwa chake kuli tauni yachiwiri.

Malawi analandira ufulu wodzilamulira pa 6 Julaye 1964. Panthawiyo likulu linali ku Zomba, malonda aakulu ndi mafakitale anali ku Blantyre ndi ku Limbe, ndipo njanji inalekezera ku Salima. Chuma chambiri chinaunjikana kumwera. Munthu wa ku Karonga kapena ku Chitipa wofuna kufika ku likulu ankayenda masiku angapo. Zomba nayenso ali pa tsinde la phiri, pamalo opanikizika. Dr Banda ankakonda kunena kuti ali m'ndende ku Gwelo, amene lero ndi Gweru, atamangidwa pa 3 Malichi 1959, analingalira zinthu zitatu: kusamutsira likulu ku Lilongwe, kumanga yunivesite ku Zomba, ndi kulambula msewu wa m'mbali mwa nyanja. Mu 1965 Lilongwe anasankhidwa kukhala likulu latsopano, chifukwa ali pakati pa dziko, pa malo athyathyathya, m'chigawo cha ulimi.

Vuto linali ndalama. Boma la Britain linakana kulipira ntchitoyo, poganiza kuti dziko losauka linali ndi zosowa zina zofunika msanga. Thandizo linachokera ku South Africa, imene inapereka ngongole ya marandi 8 miliyoni. Panthawiyo dziko limenelo linkalamulidwa ndi boma la tsankho, ndipo Malawi atapanga nalo ubale mu 1967 maiko ambiri a mu Africa anamudzudzula. Mapulani a mzinda watsopano anajambulidwa ndi akatswiri a komweko, Gerke ndi Viljoen, mu 1968. M'chaka chomwecho kunakhazikitsidwa bungwe lomanga likulu, Capital City Development Corporation, limene anthu ankangoliti CCDC. Lilongwe anakhala likulu la Malawi mu 1975.

Ntchito zina zazikulu zinatsatira. Chipatala chachikulu cha Kamuzu Central chinatsekulidwa mu 1977. Njanji inachoka ku Salima nifika ku Lilongwe mu 1979 ndi ku Mchinji mu 1980, ndi thandizo la dziko la Canada. Ku Kanengo kunamangidwa mafakitale ndi okushoni ya fodya, kotero kuti mlimi wa m'chigawo cha pakati analeka kutumiza fodya wake ku Limbe. Bwalo la ndege la ku Lumbadzi linatsekulidwa mu 1983.

NKHALANGO PAKATI PA MZINDA

Pa njira ya ku City Centre ana adzadabwa kuona nkhalango pakati pa mzinda, m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi. Imeneyi siinatsale mwangozi. Ojambula mapulani anafuna mzinda wa mitengo ndi mipata, wosapanikizana, ndipo anapatula malowa kuti akhale osungiramo zachilengedwe. M'katimo muli malo osamalira nyama zakutchire zovulala ndi zolandidwa kwa anthu ozigulitsa mobisa. Poyang'ana mitengo imeneyi mwana angathe kuganizira momwe magombe a mitsinje ya kwawo ankaonekera nkhwangwa isanafike.

Koma mipata imeneyi ili ndi mtengo wake. Pulani inayenerera munthu wa galimoto. Wantchito wokhala ku Kawale, ku Chilinde kapena ku Area 25 amalipira minibasi tsiku ndi tsiku, kapena amayenda pansi mtunda wautali. Paja akulu anati walira mvula walira matope.

CITY CENTRE NDI CAPITAL HILL

Ku City Centre zonse ndi zosiyana ndi ku Old Town. Misewu ndi yotakata, nyumba ndi zosanjikana, ndipo phokoso la msika kulibe. Kuli mabanki, maofesi a akazembe a maiko ena, ndi nyumba ya Reserve Bank, nkhokwe ya ndalama za dziko. Chapamtunda pali Capital Hill, pamene pali maunduna a boma. Malamulo a mtengo wa mbewu, malipiro a aphunzitsi ndi mankhwala a m'zipatala za kumidzi amakonzedwa m'maofesi amenewo.

Malo atatu ndiwo oyenera kuimapo. Oyamba ndi Nyumba ya Malamulo. Ngakhale likulu linasamuka mu 1975, aphungu anapitiriza kukumana ku Zomba kufikira 1994, chaka chimene kunachitika chisankho cha zipani zambiri. Atasamukira ku Lilongwe anayamba akumanira ku nyumba yachifumu yatsopano, imene lero ndi Kamuzu Palace. Nyumba yawoyawo, yomangidwa ndi thandizo la dziko la China, inatsekulidwa mu 2010. Apa ana aphunzire kuti kusamutsa likulu kunatenga zaka zoposa 40 kuchokera pamene maganizowo anavomerezedwa. Aliyense atchule dzina la dera la kwawo ndi la phungu amene amawaimira m'nyumbayo.

Achiwiri ndi chiliza cha Dr Banda, pafupi pomwepo. Iye anamwalira pa 25 Novembala 1997 ku Johannesburg, ndipo chilizacho chinatsekulidwa mu 2006. Pa nsanamira zake palembedwa ngodya zinayi zimene ankalamulira nazo: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Mphunzitsi wanzeru afotokoze mbali zonse ziwiri: kuti munthu ameneyu anatsogolera dziko ku ufulu namanga mzinda umene anawo aimamo, ndiponso kuti mu ulamuliro wake wa chipani chimodzi anthu ambiri anatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, ndipo pa riferendamu ya 1993 Amalawi anasankha zipani zambiri.

Achitatu ndi chipilala chachitali cha ku Area 18, chokumbukira asilikali amene anafa pa nkhondo ziwiri zazikulu za dziko lonse, ya 1914 mpaka 1918 ndi ya 1939 mpaka 1945. Ambiri a asilikali a King's African Rifles, ndi amtengatenga osenza katundu wa nkhondo, anatengedwa m'midzi. Mwana aliyense akafunse kwawo ngati m'banja mwawo munali wina wopita ku nkhondozo.

MIDZI IMENE INACHOKA NDI MIDZI IMENE INADZA

Kuzungulira City Centre kuli madera a nyumba zazikulu za mipanda, monga Area 10, Area 11, Area 12 ndi Area 43. Anakonzedwera akuluakulu a boma, akazembe ndi eni chuma. Minibasi ikamadutsa, mphunzitsi akumbutse ana kuti malo onsewa, pamodzi ndi Capital Hill, anali minda, madambo odyetsera ng'ombe ndi midzi. Pomanga likulu anthu a m'midzi imeneyo anasamutsidwa. Chipukutamisozi chingathe kulipira nyumba ndi mitengo ya mango, koma sichingathe kusamutsa manda a makolo. Nchifukwa chake pena ndi pena mu mzinda mumapezeka kachitsamba ka mitengo yachilengedwe kamene palibe woyerekeza kudulamo. Kawirikawiri amenewo ndi manda a mudzi umene unalipo.

Pamene midzi ina inachoka, ina inadza yosalembedwa pa pulani. Anthu obwera kudzafuna ntchito anachuluka koposa mapuloti amene anakonzedwa, ndipo anapempha malo kwa mafumu a m'mphepete mwa mzinda. Motero kunakula Mtandire pafupi ndi Area 47, Kauma, Mgona pafupi ndi Kanengo, ndi Chinsapo cha ku Likuni. M'madera amenewa ndimo mumachokera alonda, ophika, amisiri ndi ogulitsa malonda ambiri amene mzinda uwadalira. Koma popeza nyumba zinamangidwa misewu ndi ngalande zisanalembedwe, madzi, zimbudzi ndi njira zimavuta.

Kalembera wa anthu aonetsa kukula kwa mzinda motere:

1966: anthu oposa 19,000
1977: pafupifupi 99,000
1987: oposa 223,000
1998: oposa 440,000
2008: pafupifupi 670,000
2018: oposa 989,000

Pa kalembera wa 2008 Lilongwe anapitirira Blantyre, nakhala mzinda waukulu koposa yonse m'Malawi. Pa zaka 52 zokha, pamene panali munthu mmodzi panadzakhala anthu 50.

PHUNZIRO KWA ANTHU A M'MIDZI

Anthu onsewa amafuna pogona, ndipo pogona pamafuna malo. Midzi imene agogo ankaiona ngati ya kutali ndi tauni lero yazingidwa ndi mipanda ya njerwa. Ogula malo amafika ndi ndalama m'manja, ndipo munda umene unadyetsa mibadwo inayi umagulitsidwa pa tsiku limodzi. Ndalamazo zimatha, koma munda subwerera. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Kukula kwa mzinda kuli ndi zabwino zake. Kwabweretsa msika wa ndiwo, mkaka, mazira ndi nkhuku pafupi ndi mlimi, pamodzi ndi zipatala ndi sukulu zazikulu. Banja losunga dimba lake pafupi ndi mzinda lili ndi chuma chosatha. Chofunika ndi kuchita zinthu ndi maso otsekula. Malo a banja asagulitsidwe ndi munthu mmodzi mobisa, abale ndi amfumu osadziwa. Lamulo la malo a makolo la 2016 limalola anthu kulembetsa malo awo, ndipo wofuna kudziwa njira yake akafunse ku ofesi ya za malo kwa bwanamkubwa wa boma asanasaine pepala lililonse. Safunsa anadya phula.

Chinanso ndi ichi. Nyumba zakale za ku Old Town zikugwetsedwa kuti pamangidwe zatsopano, ndipo akuluakulu amene anaona Lilongwe ali tauni ya misewu yafumbi akutha mmodzimmodzi. M'midzi mukali agogo amene anasenza njerwa pomanga Capital Hill, amene anagulitsa fodya pa misika ya bodi, ndi amene anasamutsidwa m'minda yawo. Zimene iwo adziwa sizinalembedwe zonse. Sukulu iliyonse ingathe kusunga kope limodzi lolembamo zimene anthu otere asimba, pamodzi ndi maina a midzi, madambo ndi mitsinje monga ankatchulidwira kale.

MAFUNSO NDI NTCHITO ZA ANA AKABWERERA

1. Mtsinje wa Lilongwe umachokera kuti, ndipo umakathira kuti? Kudula mitengo ku Dzalanyama kumawakhudza bwanji anthu a mu mzinda?

2. Kunachitika chiyani m'zaka izi: 1902, 1947, 1965, 1975, 2010?

3. Fodya wa chikopa anathandiza bwanji kukula kwa tauni? Nanga alimi ankadandaula chiyani?

4. Nchifukwa ninji chipatala cha Bwaila ankachitcha Bottom Hospital?

5. Ana atchule zifukwa zitatu zimene likulu linachokera ku Zomba.

6. Kuchokera mu 1998 kufika mu 2018, anthu a mu mzinda anawonjezeka ndi angati?

7. Mwana aliyense ajambule mapu oonetsa mtsinje wa Lilongwe, mlatho, msika, Area 1, Area 3, mtsinje wa Lingadzi ndi Capital Hill, ndipo aike muvi woloza kumudzi kwawo.

8. Mwana aliyense akacheze ndi munthu wamkulu wa m'mudzi mwawo, amufunse za ulendo wake woyamba wa ku Lilongwe: anapita chaka chiti, anayenda pa chiyani, anakachita chiyani, ndipo anaona zotani. Zimenezi zikawerengedwe m'kalasi ndi kulembedwa m'kope la sukulu.

Aphunzitsi a kutali ndi Lilongwe asaganize kuti phunziroli silikuwakhudza. Zomba, Blantyre, Mzuzu, Kasungu, Mangochi ndi boma lililonse lili ndi mtsinje wake, ofesi yake yakale, msika wake ndi akuluakulu ake okumbukira. Mafunso ndi omwewo: pano panali mudzi wa yani, tauni inayamba chifukwa cha chiyani, ndipo ikulowera kuti? Sukulu imene ingakonze ulendo wotere isanafike nyengo ya mvula idzakhala itapatsa ana ake phunziro limene sadzaliiwala msanga.